Pabenchi: Safunsa adapukuta nkhope ya agogo

Amayi a tomato, abambo a kaunjika, anyamata a hadiweya, ndi inu a ziboliboli amene mumandinena kuti ndimakuiwalani, lero ndafika pakhomo panu. Sunthani pang'ono ndikhale nawo, nkhani ya lero ndi yotalikirapo ndipo ikuyambira pa lamba.

Lachiwiri lapitali ndili pa benchi langa la masiku onse ndikumwa thobwa, padatulukira mnyamata wina atanyamula chikwama chakuda, tayi ali pakhosi dzuwa likuswa mtengo. Adatulutsa kabokosi konyezimira, m'katimo muli lamba wansalu. Ati lamba ameneyu ngwa far infrared. Ati ukamumanga m'chiuno amachiza msana, shuga, BP, ngakhale zija za kuchipinda. Mtengo K25,000, koma poti ndinu makolo anga bweretsani 20. Mayi wa usipa amene amakhala pafupi nane adali atayamba kale kumasula mfundo ya chitenje.

Ine ndidafunsa kuti, "Achimwene, far infrared mukunenayo n'chiyani?"

"Ndi mphamvu ya kunja, bwana."

Basi, yankho lonse lathera pompo. Mayi wa usipa adamanganso mfundo yake, mnyamata uja adandiponyera diso loipa n'kumapita. Koma mawu aja adanditsalira m'mutu, chifukwa far infrared si bodza ayi, ilipodi. Kungoti ntchito yake imene ine idandigwira mtima si ya m'chiuno. Ndipo nzeru ya anthu amene amaigwiritsa ntchito ndikadakhala nayo kale, bwenzi lero nkhope ya agogo anga ilipo.

Kwathu tidali ndi chithunzi chimodzi chokha cha agogo anga aakazi, obereka amayi. Adajambulitsa ku situdiyo ali mtsikana, nthawi ija zithunzi zinkatuluka zakuda ndi zoyera basi. Wojambula akamaliza kutsuka chithunzi ankatenga kaburashi n'kupaka yekha utoto pamwamba: duku lofiira, milomo yofiirira, diresi lobiriwira. Chidakhala pakhoma zaka zambirimbiri, utsi wa koloboyi ndi ntchentche zikuchita zawo. Ine nditamaliza Fomu 4, ndikudziona ngati wophunzira wa m'banja, ndidati ndichikonze. Ndidachotsa galasi losweka lija, ndidanyowetsa kansalu ndi sipiriti, n'kupukuta kamodzi kuchokera pamphumi kutsikira kuchibwano.

Kamodzi kokha, abale. Duku lidasungunuka n'kuyenderera pankhope. Pofuna kuchotsa kufiirako ndidathamangira madzi, ndiye ndidangomaliziratu: khungu la chithunzi lidafewa n'kumatirira ku kansalu. Pamene padali maso padatsala pepala loyera. Amayi sadandikalipire. Adangochinyamula, kuchiyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kunena kuti, "Iwe, ukadafunsa kaye." Bola akadandimenya.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Koma ine ndikadafunsa ndani? Amene ankadziwa utoto umene udali pamenepo ndi wojambula uja, ndipo adatsikira kulichete kalekale. Apa ndiye pagona nkhani yathu. M'nyumba zosungiramo zinthu zakale, zija amati myuziyamu, muli anthu amene ntchito yawo ndi kusamala ndi kukonza zinthu za makolo. Nawonso sangafunse mwini wake chifukwa adamwalira zaka mazana apitawo. Ndiye adapeza njira yofunsira chinthu chenichenicho kuti, kodi iwe udapangidwa ndi chiyani? Chimodzi mwa zida zofunsira ndi far infrared yomweyi.

KUWALA KUMENE MASO SAONA

Tiyambire kumayambiriro. M'chaka cha 1800 ku England kudali mkulu wina dzina lake William Herschel, wobadwira ku Germany, amene adayamba ngati woimba koma adatchuka ndi kuyang'ana nyenyezi. Ndi yemweyu adatulukira pulaneti ya Uranus mu 1781. Tsiku lina adadutsitsa kuwala kwa dzuwa pa galasi la makona atatu, lija limagawa kuwala kukhala mitundu ya utawaleza. Adatenga tigalasi toyezera kutentha, tangati taja ta kuchipatala, n'kumayeza mtundu uliwonse. Adaona kuti kutentha kukukwera akamasendera ku mtundu wofiira. Kenako adaika kagalasi kuseri kwa kufiirako, pamalo pamene maso sankaonapo kuwala kulikonse. Pamenepo ndiye padatentha koposa. Mkuluyo adazindikira kuti kuli kuwala kwina kumene maso athu sakuona. Ndi kumene lero timati infrared, kutanthauza kunsi kwa kufiira.

Kuwala kumayenda ngati mafunde a panyanja, ena aafupi ena aatali. Tengani milimita imodzi pa tepi ya telala, muigawe ka 1,000. Kachidutswa kamodziko dzina lake ndi micrometre. Funde la kuwala kofiira silikwana ngakhale kachidutswa kamodzi. Kudutsa pamenepo mwalowa m'dziko la infrared, ndipo dzikoli lili ndi zigawo zitatu. Pali yapafupi, imene rimoti ya TV imagwiritsa ntchito. Pali yapakati. Ndiye pali yakutali, imene pa Chingerezi amati far infrared, yoyambira cha pa ma micrometre 15 mpaka pa milimita imodzi yathunthu. Kupitirira apo mwayamba kulowa m'mafunde a mtundu wa mafoni ndi mawailesi.

Tsono imvani ichi. Chinthu chilichonse chofunda chimatulutsa far infrared. Mbaula ya mayi wa chipisi, malata a shedi, khoma la njerwa dzuwa litalowa, ngakhale thupi lanu lomwelo pamene mukuwerenga pano. Chitenje chimene mwamanga m'chiuno chikafunda ndi thupi lanu, nachonso chikutulutsa. Ndiye mnyamata wa tayi uja sadanamiretu kuti lamba wake amatulutsa far infrared. Kungoti amakugulitsani mbuzi yanu yomwe. Kufunditsa msana wowawa kumathandizadi, monga limachitira botolo la madzi otentha, koma shuga ndi BP pitani nazo kuchipatala.

BANJO NDI BABATONI

Nanga kuwala kosaonekaku kumadziwa bwanji kuti chinthu chidapangidwa ndi chiyani? Inu amene mudaonerapo anyamata a bandi ya m'misewu mumvetsa msanga. Chinthu chilichonse chidapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono totchedwa maatomu, togwiranagwirana, ndipo sitikhala phee, timanjenjemera nthawi zonse. Maatomu opepuka amanjenjemera mofulumira ngati nsambo yopyapyala ya banjo. Maatomu olemera amanjenjemera mwaulesi ngati chingwe cha babatoni, chija chimamveka m'mimba.

Mukawalitsa infrared pa chinthu, chinthucho chimameza mafunde okhawo amene akugwirizana ndi kanjenjemeredwe kake. Ena onse chimawasiya adutse kapena abwerere. Makina amawerenga kuti ndi mafunde ati amene asowa, n'kujambula pa kompyuta mzere wa mapiri ndi zigwa. Mzere umenewu uli ngati chidindo cha chala chija mudadinda potenga chiphaso cha unzika. Chinthu chilichonse chili ndi chake. Katswiri amangoufananiza ndi mizere ya zinthu zodziwika kale imene adasunga, dzina n'kutuluka.

Infrared yapakati imamva bwino nyimbo za banjo: mafuta, guluu, dzira, vanishi, ulusi, pulasitiki. Utoto wosungunuka ndi sipiriti ngati uja wa duku la agogo, ndi khungu la chithunzi limene limapangidwa ndi guluu wa mafupa ndi zikopa za nyama, zonsezo ndi ntchito ya yapakati. Koma utoto wambiri wa amisiri akale udachokera ku miyala ndi zitsulo zolemera monga mercury ndi mtovu, zitagwirana ndi sulufule kapena oxygen. Zimenezi ndi ababatoni. Ukaziika pa makina a infrared yapakati, zina zimangokhala duu ngati palibe kanthu. Mawu ake ali pansi kwambiri, ndipo khutu lowamva ndi far infrared.

KUFIIRA KUTATU, MATENDA ATATU

Mwina mukuti, nanga kudziwa dzina la utoto kumathandiza chiyani, kufiira si kufiira basi? Amayi a gulosale ayankhe. Mchere, shuga ndi soda zonse n'zoyera, koma thirani soda mu tiyi wa kasitomala muone ngati abwerenso mawa.

Pa zithunzi zakale za ku Ulaya pamapezeka kawirikawiri mitundu itatu ya utoto wofiira. Woyamba ndi vermilion, wa mercury ndi sulufule, umene poyamba ankaupera kuchokera ku mwala wotchedwa cinnabar. Mgodi wake wotchuka udali ku Almadén m'dziko la Spain. Wachiwiri ndi wa mtovu wootcha, umene kale ankapakanso pa zitsulo za milatho kuti zisachite dzimbiri. Wachitatu ndi wa dothi lofiira, mbale wake wa katondo wathuyu, umene kufiira kwake kumachokera ku dzimbiri la chitsulo. Zikakalamba n'kuda ndi litsiro, maso amatha kuzisokoneza. Koma uliwonse uli ndi matenda ake.

Vermilion akakumana ndi kuwala kwambiri pamodzi ndi mchere wa mtundu wa chlorine, amada n'kusanduka wotuwa kapena wakuda bii. Zimenezi zidaoneka ku Pompeii m'dziko la Italy, mzinda umene udakwiririka ndi phulusa la phiri la Vesuvius m'chaka cha 79. Makoma ena ofiira adakhala pansi pa phulusa zaka zoposa 1,600 ali bwinobwino, koma atafukulidwa n'kuonana ndi dzuwa ndi mphepo adayamba kuda. Wa mtovu uja nawo umatha kuda kapena kuyera malinga ndi mpweya ndi chinyezi. Wa dothi ndiye wolimba mtima, suopa dzuwa. Ndiye wosamala zakale akadziwa kuti apa pali vermilion, amachepetsa magetsi a m'chipindamo, amasamala ndi mankhwala otsukira. Akaganiza mwa chisawawa kuti ndi dothi, achita zomwe ndidachita ine.

Palinso nkhani ya moyo wa wogwira ntchitoyo. Mercury ndi mtovu ndi poizoni. Utoto wina wachikasu wokongola ngati golide, wotchedwa orpiment, ndi wa arsenic, poizoni weniweni. Munthu ayenera kudziwa chimene akupalapasa ndi kupuma.

Ndipo inu okonda nkhani za atsotsi, utoto umaululanso zaka. Chitsulo cha cadmium chidatulukiridwa mu 1817, ndipo utoto wake wachikasu udayamba kugulitsidwa cha m'ma 1840. Ndiye wina akakubweretserani chithunzi ati n'cha m'ma 1600 koma chikasu chake chonse n'cha cadmium, dziwani kuti pali awiri: kapena wina adachipakanso pambuyo pake, kapena akufuna kukuberani. Ku Germany kudali kathyali wina, Wolfgang Beltracchi, amene ankajambula yekha zithunzi n'kumati n'za amisiri otchuka akale. Chimodzi chidagulidwa mu 2006 pa mtengo woposa mayuro 2 miliyoni, ati chidajambulidwa mu 1914. Atachiyeza adapezamo utoto woyera wa titanium, umene mu 1914 udali usanafike m'manja mwa ojambula. Mu 2011 khoti la ku Cologne lidamugamula zaka 6. Iyeyo adagwidwa ndi zida zina za mu labu, koma nzeru yake ndi yomweyi: munthu amanama, utoto sunama.

Poyeza utoto ndi far infrared, kawirikawiri amatenga kanyenyeswa kochepa kuposa kambewu ka mchere, makamaka m'mphepete kapena pamene padasweka kale. Amakakanikiza pa kamwala ka dayamondi, kapena amakasakaniza ndi ufa wa polyethylene n'kuumba kapilisi. Polyethylene musaope dzina, ndi pulasitiki yemweyu wa majumbo. Far infrared imadutsa mwa iye mosavuta, pamene galasi la pawindo, limene ife timaonera kunja, kwa iyo ndi khoma.

KUGOGODA MBIYA

Komatu pali zinthu zina zimene ngakhale kanyenyeswa sungaloledwe kuchotsa. Apa ndiye pamabwera mbali ina ya far infrared, ya mafunde aatali kwambiri, imene amaitchula terahertz. Terahertz imodzi ndi mafunde 1,000,000,000,000 pa sekondi, ndipo funde lililonse ndi lotalika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a milimita. Mafunde amenewa amalowa mu penti, pepala, nsalu, pulasitala ndi thabwa louma. Akagunda chitsulo amabwerera onse. Mphamvu yake ndi yofatsa, si ngati ya X-ray ija amakuvekani chovala cholemera kuchipatala.

Amayi akamagula mbiya sathyola kuti aone mkati. Amagogoda ndi chala n'kumvetsera. Mbiya yabwino imalira mwina, yong'aluka imaliranso mwina. Makina a terahertz amachita chimodzimodzi. Amaponya kakuwala kakafupi kwambiri pa chithunzi, ngati kugogoda kamodzi. Kena kamabwerera kuchokera pamwamba, kena kamalowa n'kubwerera kuchokera pomwe penti wakumana ndi pulasitala, kena kuchokera pomwe pulasitala wakumana ndi thabwa. Kochokera pansi kamachedwa kufika. Makina amawerenga kuchedwako n'kujambula magawo onse monga mumaonera mkati mwa keke mukaidula. Koma pano palibe mpeni.

Mu 2008 ku Florence m'dziko la Italy, mu myuziyamu ya Uffizi, ankakonza chithunzi cha paguwa la tchalitchi chimene mmisiri Giotto adajambula pa matabwa cha m'ma 1300. Dzina lake ndi Polittico di Badia. Katswiri wa ku Japan, mayi Kaori Fukunaga, mogwirizana ndi Marcello Picollo wa ku Italy komweko, adabwera ndi makina a terahertz. Popanda kukanda paliponse adaona momwe mmisiri uja adagwirira ntchito zaka 700 zapitazo: pansi thabwa, pamwamba pake pulasitala woyera, kenako nsalu, kenako pulasitala wina, kenako penti. Adaonanso golide wopyapyala amene adabisika pansi pa penti, chifukwa chitsulo chimabweza mafunde ngati kalilole. Wokonza chithunzi akadziwa zimenezi amadziwa pamene angagwire ndi pamene ayenera kuchotsapo dzanja.

Mu 2013 katswiri wina, mayi Bianca Jackson, adaulula zimene iye ndi anzake adapeza pa chidutswa cha khoma chosungidwa ku Louvre mu mzinda wa Paris. Pamwamba pake pali chithunzi cha amuna atatu onyamula mikondo, chimene akatswiri ankadziwa kuti chidapakidwa m'zaka za m'ma 1800. Chidachokera ku katundu wa Giampietro Campana, mkulu wa ku Rome amene ankasonkhanitsa zinthu zakale. Atagogoda ndi terahertz, pansi pa amuna atatuwo padaoneka zangati diso, mphuno ndi pakamwa, nkhope ina yobisika imene akuiganizira kuti ndi ya nthawi ya Aroma. Akuluakulu adati chikomekome cha nkuyu mkati muli nyerere. Apa zidatembenuka: kunja ndiye kudali kwa dzulodzulo, chuma chili mkati.

Ndipo mu 2016 akatswiri a sukulu ya MIT ku America adaunjika mapepala, lililonse litalembedwa chilembo chimodzi, n'kuwerenga zilembo za mapepala 9 apamwamba osatsegula. Mungaseke kuti zilembo 9 n'chiyani. Koma ganizani za buku lakale limene masamba ake adamatirirana, loti ukangolitsegula lifumbutuka ngati fodya wouma. Kwa buku lotero, chiyambi chimenechi si chamasewera.

Ndisakunamizeni ngati mnyamata wa tayi, far infrared si mankhwala a matenda onse. Mdani wake wamkulu ndi madzi. Ngakhale chinyezi cha mumpweya chimaimeza, mwakuti mu labu amayamba apopa mpweya wonse m'makina kapena kulowetsamo mpweya wouma. Khoma lonyowa silingaonedwe mkati. Kuseri kwa chitsulo siifikako. Makina ake ndi okwera mtengo, ndipo pofuna kuwala kwamphamvu kwambiri akatswiri amapita ku zimakina zazikulu ngati bwalo la mpira zotchedwa synchrotron, monga za ku Melbourne ku Australia ndi ku Saskatoon ku Canada. Ndiponso siigwira ntchito yokha. Wosamala zakale amafunsa X-ray, amafunsa infrared yapakati, amafunsa maikulosikopu, ngati mfumu yomva mboni zingapo isanagamule mlandu.

NANGA KWATHU KUNO?

Wina ati, zonsezi n'za azungu ndi matchalitchi awo, ife zikutikhudza pati? Kwerani basi mutsike pa Dedza. M'mapiri a Chongoni muli malo 127 a zithunzi za pamiyala, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Zofiira zija akatswiri amati adajambula ndi Akafula, anthu amene adaliko kale m'dziko muno. Zoyera zambiri n'za Achewa, zokhudza chinamwali ndi gule wamkulu. Kufiirako n'kwa dothi la dzimbiri la chitsulo, kuyerako n'kwa dothi loyera, ndipo zonse ziwiri ndi zinthu zimene zili ndi chidindo chake mu infrared.

Adani a zithunzi zimenezi si a kunja ayi. Ndi madzi oyenderera pamwala, utsi wa moto wosonkhedwa m'mapanga, ndi anzathu ena amene amafika ndi makala kapena choko n'kulemba maina awo ndi a zibwenzi zawo pamwamba pa ntchito ya makolo. Tsono taganizani munthu wa mtima wabwino, wangati ine wa Fomu 4 uja, atakwiya ndi maina a makalawo n'kubwera ndi ndowa, sopo ndi burashi ya waya. Dzina la chibwenzi lichokadi, koma lichoka pamodzi ndi chithunzi chimene palibe angachijambulenso. Wowononga ndi wokonza mosafunsa, mapeto ake ndi amodzi.

Inu a pamsika nzeru yoyeza katundu muli nayo kale. Telala amasolola kaulusi n'kukayatsa: thonje limanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa, nayiloni amasungunuka n'kuuma kambulu. Wogula poto amakanda kunsi kuti aone ngati ndi aluminiyamu weniweni. A ziboliboli mukudziwa kuti kukanda pang'ono pansi pa chosema kumaulula ngati ndi phingo kapena mtengo wamba wopakidwa polishi wa nsapato. Musandiyang'ane choncho, sindidatchule munthu. Koma njira zathu zonsezi zimafuna kuwotcha, kukanda kapena kuswa. Zimatheka chifukwa katundu ngwambiri, chikawonongeka chimodzi mawa mupikula china. Chinthu chikakhala chimodzi chokha padziko lonse, kuyeza kotero ndi kupha. N'chifukwa chake anthu adavutikira kupeza njira yofunsira popanda kukhudza.

Makina a terahertz sitikhala nawo pa benchi mawa kapena mkuja. Koma lamulo la anthu amene amawagwiritsa ntchito ndi laulere, ndipo ndalibweretsa: usachite pa chinthu chakale chimene sungathe kuchibweza. M'masutikesi mwanu muli zithunzi za ukwati wa makolo, makalata a agogo amene adapita ku migodi ya ku Joni, ziphaso za ubatizo, mapepala a malo. Musazipukute ndi madzi, sipiriti kapena palafini. Fumbi chotsani ndi kaburashi kofewa kouma. Musamate selotepi pong'ambika, guluu wake amasanduka wachikasu n'kulowerera m'pepala. Chenjerani ndi kuthamangira kokamatitsa pulasitiki wamoto uja pa pepala lenileni, chifukwa akamata wamata, sachokanso, matitsani fotokope. Sungani pouma, kutali ndi dzuwa ndi utsi. Ndipo musanachite china chilichonse, jambulani kaye ndi foni. Ine foni ndidali nayo m'thumba tsiku lija. Sindidaganizeko.

Chithunzi cha agogo chikadalipo. Amayi adachikulunga m'kansalu n'kuchiika pansi pa sutikesi, diresi lobiriwira lili bwinobwino, manja ali pamiyendo, pankhope pali mtambo woyera. Mwana wa mlongo wanga adachipeza tsiku lina n'kufunsa kuti, "Amalume, amenewa ndani?" Ndidamuuza dzina lawo. Adafunsanso kuti ankaoneka bwanji. Ndidamutuma kuti akafunse agogo ake, chifukwa ine pakhosi padali patatseka.

Mayi wa usipa uja dzulo wandipatsa kambale ka basera, ati ndi chiwongola dzanja cha K20,000 yake imene idapulumuka. Ndalandira ndi manja awiri. Mnyamata wa tayi akabweranso musamuthamangitse, nayenso akusaka ya ufa ngati ife tomwe. Ingomufunsani funso limene ine ndidalephera kufunsa chithunzi chija: kodi chimenechi chidapangidwa ndi chiyani?

Tionana sabata ya mawa pa benchi pomwe pano, Chauta akalola.